Mthunzi waulere uli pati mu Lilongwe muno?

Nachisale wa ku 25: Mwaswera bwanji abale pagulu pano. Ndithandizeniko nzeru. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndikufuna ndiwatulutseko amayi anga pamodzi ndi adzukulu awo atatu. Ya ku Salima ndilibe, musayambe n'komwe. Ndikungofuna pamalo pamthunzi, tiyale mkeka, tivundukule mapoto athu a mpunga ndi nkhuku, ana athamange osaopa galimoto. Malo oterewa ali pati mu Lilongwe muno? Kwathu kuno dzuwa la mwezi uno likuchita kulowa m'mafupa, pabwalo palibe ngakhale kamtengo ka papaya.

Yoha wa Kabaza: Pitani pa raundabauti amayi, kapinga wake ngwabwino, akwati amajambulitsa pomwepo 😂

Nachisale wa ku 25: Iwe Yoha, amayi anga a zaka 71 ndikawakhazike pakati pa msewu ngati chikwangwani?

Aphunzitsi a Kamanga: Achemwali, oyamba kuwaganizira ndi ku Botanic, kufupi ndi Capital Hill mukamapita ku Area 18. Malo ndi aakulu, mitengo yachilengedwe ilipo, ndipo mukatopa kukhala mutha kuyenda pang'ono kukaona chipilala chokumbukira asilikali a nkhondo zikuluzikulu pomwe pali chiboliboli cha Kamuzu. Kwina ndi ku Nature Sanctuary, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, komwe kuli Wildlife Centre. Kumeneko ndi nkhalango yeniyeni, tinjira toyendamo tilipo, koma pageti mumalipira. Ana musawalonjeze mkango. Si zoo ngati kale, ntchito yawo yaikulu masiku ano ndi kusamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa anthu ozembetsa.

Nachisale wa ku 25: Zikomo aphunzitsi. Ku Botanic sindinapiteko chikwatiwire. Kuli bwino masiku ano? Ndinamva kuti kumakhala anthu opemphera.

Yoha wa Kabaza: Alipo ambiri. Pansi pa mtengo uliwonse pali wina akufuula ndi Mulungu wake. Ndimawatula konko m'mawa, ena ndi Baibulo, ena ndi mabuku a mayeso, ena awiriawiri sindinena zambiri.

Namaseko ku Leicester: Koma ndiye zafika pamenepa? Likulu lonse la dziko, munthu akafunsa pokhala ndi ana mayankho n'kukhala awiri okha, lachitatu raundabauti? Paja pa kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzindawu muli anthu oposa 989,000. Pano adutsa miliyoni kalekale. Anthu onsewo amapumira kuti Lamulungu masana?

Yoha wa Kabaza: Ku bawo ndi ku mpira asisi

Bambo Mbewe opuma ntchito: Ana anga, ndaona nkhaniyi ndalephera kungokhala chete. Mundipirire, zala zanga zimachedwa pa foni.

Ine ndinali kalaliki wa boma ku Zomba. Likulu litasamuka mu 1975 tinabwera kuno pa lole, mafayilo titawamanga ndi zingwe ngati fodya wopita ku okushoni. Zomba tinaisiya ili yobiriwira, mtsinje wa Mulunguzi ukutsika m'phiri kudutsa m'munda wa maluwa uja unayambidwa ndi mzungu Alexander Whyte cha m'ma 1891. Mkungudza wa ku Mulanje dzina lake la sayansi linachokera kwa bambo ameneyo. Ndiye titafika kuno tinaona chigwa chafumbi, mphepo ikuwomba mopanda chotchinga, ena mwa ife misozi inalengeza.

Koma amene ankamanga mzindawu sanaiwale mitengo ayi. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndalama yoyambira inali ngongole ya ku South Africa, ndipo ojambula mapulani anachokeranso komweko. Ankati akumanga mzinda wa m'munda. Anaugawa panayi: Old Town, Capital Hill, Kanengo ya mafakitale, ndi Lumbadzi kumene kuli bwalo la ndege. Pakati pa zigawozi anasiya tchire dala. M'mbali mwa Lingadzi ndi mtsinje wa Lilongwe sipankaloledwa kumanga. Madambo anali a madzi ndi achule. Nature Sanctuary mukuinenayo inatsala pakati pa Old Town ndi City Centre chifukwa cha pulani imeneyo, si ngozi ayi. Kuchoka ku ofesi madzulo pa njinga umamva fungo la nkhalango, agwape amadumpha msewu. Mbawa za m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ndinaziona zili zofika m'chiuno.

Namaseko ku Leicester: Agogo zikomo, izi sitinaphunzire kusukulu. Fisi ankamveka nthawi imeneyo?

Bambo Mbewe opuma ntchito: Ankamveka, ndipo mpaka lero alipo mwana wanga. Afisi a mu Lilongwe sanasamuke. Masana amabisala m'tchire la m'mbali mwa mitsinje, usiku amayenda m'misewu kufunafuna zotayidwa. Funsani alonda.

Yoha wa Kabaza: Zoona, ndinakumana naye cha ku City Centre 4 koloko m'bandakucha. Kasitomala anadumpha njinga isanaime, ndalama sanandipatse mpaka lero.

Aphunzitsi a Kamanga: Bambo Mbewe, ndi ulemu wonse, ndiloleni nditsutseko pang'ono. Tchire analisiya, inde. Koma analisiyira ndani? Tayang'anani mapu. Mapuloti aakulu a ku Area 10, 12 ndi 43 ali kumpoto, pafupi ndi maofesi, nyumba imodzi pakati pa mitengo makumi awiri. Anthu wamba anawaika ku Kawale, Chilinde, Area 23, Area 25, kutali, pa timapuloti toti ukamanga nyumba ndi chimbudzi malo atha. Ndiye tchire la pakati lija ntchito yake ina inali yotalikitsa awa ndi awa. Ojambulawo kwawo ankadziwa bwino kulekanitsa anthu ndi malo opanda kanthu. Paki ndi malo amene mayi wa ku Mchesi angafikeko wapansi ndi mwana kumbuyo, n'kupeza benchi, mpope wa madzi ndi chimbudzi. Zimene tinapatsidwa ife ndi mtunda wautali woti tiziudutsa pa minibasi.

N'chifukwa chake lero achemwali a Nachisale akufunsa funso limeneli. Mitengo mu Lilongwe ilipo yambiri, kwerani pamwamba pa nyumba yosanja ku City Centre muone. Koma yambiri ili kuseri kwa mipanda ya njerwa, kapena ku gofu.

Bambo Mbewe opuma ntchito: Aphunzitsi, simunaname. Ife a nyumba za boma tinali ndi mitengo, amene ankatichapira ankachokera kutali opanda mthunzi. Nthawi imeneyo zoterezi sunkazinena mokweza. Komabe ndinene kuti tchire lolekanitsa anthu likanatha kusandutsidwa paki tsiku lina. Likasanduka sitolo, basi lapita.

Chisale wa ku Pitoliya: Apa agogo mwalasa. Ine ndimabwera kumudzi kamodzi pa zaka ziwiri, ulendo uliwonse ndimapeza pamene panali dambo pamera mpanda. Pamene tinkasewera mpira wachikulunga tili ana pano pali nyumba zitatu zalendi ndi tchalitchi.

Nachisale wa ku 25: Kwathu kunali kabwalo kotero, aliyense ankadziwa kuti ndi ka ana. Tsiku lina tinangodzuka kwatsitsidwa mchenga ndi miyala. Titafunsa anationetsa mapepala a chidindo. Tinayenda m'maofesi miyezi itatu, uku akuti bwerani mawa, uku akuti fayilo sikuoneka. Pano ana amasewera mumsewu, wina anagundidwa ndi njinga yamoto chaka chatha, mwamwayi anangothyoka mkono.

Yoha wa Kabaza: Sindinali ine amayi

Nachisale wa ku 25: Ndikudziwa, iwe ukanathawa ngati kasitomala wako uja.

Amake Dalitso ku Lusaka: Muli bwanji a ku Malawi. Ine ndikuwerenga kuno ndikungoseka chifukwa nkhani ndi imodzimodzi. Lusaka nayonso azungu anaijambula ngati mzinda wa m'munda pomwe likulu limachoka ku Livingstone mu 1935. Lero dzina lokha ndiye linatsala, mpaka tili ndi komboni yotchedwa Garden koma maluwa mukawafune ndi nyali. Kum'mawa kwa mzinda kuli nkhalango timaitcha Forest 27, kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana. Mbali ina anaichotsa pa chitetezo n'kugawa mapuloti, anthu akuluakulu n'kumangamo. Nkhani inafika mpaka kukhoti. Ife ana timapita nawo ku Munda Wanga ku Chilanga, kapena ku Lusaka National Park imene inatsegulidwa mu 2015, koma konseko pafunika galimoto ndi ya pageti.

Chisale wa ku Pitoliya: Kuno mwezi uno mzinda wonse uli bii ndi maluwa a jakaranda, misewu yachita ngati ayala nsalu. Koma chimene chimandikhudza si maluwawo. Ndi kapinga wa kumunsi kwa Union Buildings, kumene kuli maofesi a pulezidenti. Aliyense amalowa ulere, ife a maganyu timakagona pamenepo Lamulungu, ana akugubuduka pansi pa chiboliboli cha Mandela. Ndimadzifunsa kuti kodi kapinga wa ku Capital Hill munthu wamba angakayale mkeka osafunsidwa kuti mukufuna ndani?

Aphunzitsi a Kamanga: Achimwene, jakaranda ameneyo si mtengo wa kuno, kwawo ndi ku South America. Wokongola inde, koma ife tili ndi yathu: mbawa, mkuyu, kachere, msangu, mthethe, katope wa m'mbali mwa madzi. Msangu ndi umene unkadzaza chigwa cha Lilongwe, umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuphuka nthawi ya dzuwa, ndiye mwezi ngati uno ndi pamene mthunzi wake umakoma.

Mjomba Saidi wa ku Biwi: Ine ndalowa mochedwa koma ndaona mwayamba kulira mbawa za pa Kenyatta. Tinene zoona abale. Msewu uja unali wopanikiza. Kuchoka ku Old Town kufika ku City Centre nthawi ya m'mawa ola lathunthu, ambulansi ikulira kumbuyo yosowa podutsa popita ku Central. Mu 2021 atayamba kuukuza kuti ukhale wa mizere isanu ndi umodzi mitengo inagwa, anthu analira pa Facebook sabata ziwiri. Lero omwewo ndi amene akujambula msewuwo usiku magetsi akuwala n'kumati Lilongwe yasintha. Chitukuko sichibwera osagwetsa kanthu.

Namaseko ku Leicester: Mjomba, palibe akukana msewu. Funso ndi loti anakonzera ndani. Wa galimoto wapeza mizere itatu mbali iliyonse. Nanga woyenda pansi, amene ndiye ambiri? Kale ankayenda mumthunzi kuchoka ku Old Town mpaka ku maofesi. Pano phula kumanzere, simenti kumanja, dzuwa pamutu.

Mjomba Saidi wa ku Biwi: Anati adzalamo ina.

Aphunzitsi a Kamanga: Kudzala ndi kosavuta mjomba. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo ndi nyengo yodzala mitengo, akuluakulu amabwera ndi makasu atsopano ndi ojambula. Pofika Ogasiti mbuzi zadya, moto wa osaka mbewa wapsereza, yotsalayo yafa ndi ludzu. Mbawa kuti ifike pomwe inafika ija pafunika zaka makumi anayi kapena kuposa. Bambo Mbewe anaiona ili m'chiuno ali mnyamata, inagwetsedwa iwo ali ndi zidzukulu.

Bambo Mbewe opuma ntchito: Tsiku limene ndinadutsapo n'kuona zitsa ndinauza woyendetsa kuti aime. Sindinatsike. Ndinangoyang'ana.

Yoha wa Kabaza: Ine msewu ndimaukonda, sindinama. Koma masana makasitomala amachepa, amati dikira dzuwa lipendeke. Ndipo pa siteji yathu panali mtengo, pano tinamanga kachisakasa ka mapepala apulasitiki, mkati mwake ngati uvuni.

Nangozo namwino: Ndiwonjezepo za madzi, chifukwa mthunzi ndi mbali imodzi chabe. Mukukumbukira Febuluwale wa 2017, Lingadzi atasefukira? Ku Mtandire nyumba zinagwa, ku Area 47 ndi 49 madzi analowa m'nyumba, ana a sukulu anachita kupulumutsidwa ndi helikopita ya asilikali. Dambo ntchito yake ndi kumwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Ukalithira dothi n'kumangapo, madziwo sasowa kopita, amalowa kwa mnzako wa kumunsi. Onjezani okumba mchenga amene akudya magombe, oumba njerwa, ndi madimba ofika m'madzi mwenimweni. Pitani pa milatho ya matabwa ya pa msika wa Tsoka muyang'ane pansi muone mtundu wa madzi a mtsinje umene unapatsa mzindawu dzina.

Mjomba Saidi wa ku Biwi: Koma anamwino, wokumba mchengayo akudyetsa ana. Ndipo mchengawo akugula ndi ife tomwe tikumanga. Makala a ku Dzalanyama amene tonse tikuphikira, magetsi akazima, amabwera okha?

Nangozo namwino: Pamenepo sindikutsutsani. Ndipo Dzalanyama ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, madzi a m'madamu a Kamuzu amene timamwa. Mpaka boma linatumizako asilikali kukalondera nkhalango. Tikuotcha thanki yathu yomwe kuti tiphike nyemba. Nanenso mbaula ndili nayo, sindikudziyeretsa.

Bambo Mbewe opuma ntchito: Ndikufunseni funso ana anga. Mukamayenda m'madera ozungulira mzinda uno, ngakhale mkati mwake momwe munali midzi kale, mumaona timagulu ta mitengo ikuluikulu yachilengedwe titaima patokha pakati pa nyumba kapena minda. Ponseponse pali mbee, koma pamenepo pali gudugudu. Ndi chiyani chimenecho?

Yoha wa Kabaza: Manda agogo

Bambo Mbewe opuma ntchito: Manda. Palibe mpanda, palibe mlonda wa yunifolomu, palibe chikwangwani cha bungwe lakunja. Koma ngakhale wa makala wolimba mtima chotani salowamo ndi nkhwangwa. Chifukwa malowo ali ndi mwini. Mfumu ikudziwa mtengo uliwonse, ndipo wodula popanda chilolezo mlandu wake akuudziwa.

Chisale wa ku Pitoliya: Komanso eni ake ena aja otuluka kumeneko 😅

Woyang'anira gulu: Achimwene a Chisale, za kudambwe saulula. Tibwerere ku mitengo.

Aphunzitsi a Kamanga: Bambo Mbewe mwanditsegula m'maso. Ndiye kuti nkhalango zakale kwambiri za mu Lilongwe si za pa mapulani a 1968 ayi, ndi za makolo athu Achewa. Ndipo chimene chapha malo a mumzinda ndi mawu aja akuti ndi za boma. Chinthu chikakhala cha boma kwathu kuno ndiye kuti chilibe mwini, woyamba kufika ndi chidindo watenga.

Namaseko ku Leicester: Ku Nairobi zinachitikapo. Mu 1989 boma la Moi linkafuna kumanga nyumba ya nsanjika 60 mu Uhuru Park, pakati pa mzinda. Mayi Wangari Maathai anakana, analemba makalata, anapita kukhoti, aphungu anawanyoza m'nyumba ya malamulo. Mlandu sunawayendere, koma amene ankafuna kuikapo ndalama anabwerera m'mbuyo ndipo nyumbayo sinamangidwe. Pakiyo ilipo mpaka lero, ndipo mayiwo analandira mphoto ya Nobel mu 2004. Anthu a ku Nairobi ankaitenga pakiyo ngati yawo chifukwa ankapitako. Ife tingamenyere bwanji malo amene sitinapondemo?

Mjomba Saidi wa ku Biwi: Inu a kunja mumayankhula bwino. Bwerani mudzamenyere muli konkuno, tione ngati simuthawa utsi wokhetsa misozi.

Namaseko ku Leicester: Mjomba mwandigwira pakamwa 😂 Koma Disembala ndikubwera, mudzandiperekeze.

Nangozo namwino: Osafuna kupita patali ndi makhoti. Ife ku mpingo kwathu tinagwirizana kuti banja lililonse litenge mtengo umodzi pabwalo la tchalitchi, dzina la banjalo lilembedwe pa kachitsulo. Ukafota, Lamulungu aliyense akuona kuti wa a uje wafa. Manyazi okhawo anthu amabwera ndi zigubu Lachitatu madzulo. Mwa mitengo imene tinadzala zaka zinayi zapitazo yofa ndi yowerengeka, ina ana ayamba kale kukhala pansi pake nthawi ya Sande sukulu.

Aphunzitsi a Kamanga: Anamwino, munadzala yanji?

Nangozo namwino: Mbawa kumpanda, mango ndi mapeyala pakati. Abusa ankafuna bulugamu kuti akula msanga, amayi a chigwirizano anakana, akuti aumitsa chitsime.

Nachisale wa ku 25: Abale, ine ndinangofunsa poyala mkeka, mwandipititsa ku Nairobi ndi kumanda komwe 😂 Ndawawerengera amayi zonsezi. Akuti agogo a Mbewe akunena zoona za afisi, iwonso ankawamva ali ku Kawale. Akutinso ku manda a Kamuzu sanafikeko chimangireni mu 2006, amangowaona pawindo la minibasi. Ndiye tagwirizana kuti tiyambira kumeneko m'mawa kusanatenthe, kenako ku Botanic mpaka madzulo.

Aphunzitsi a Kamanga: Mwasankha bwino, ndi moyandikana. Tengani madzi okwanira ndi jumbo yotoleramo zinyalala, musadalire kupeza bini. Ndipo musakhale mpaka mdima.

Bambo Mbewe opuma ntchito: Mwana wanga, ngati simudandaula, ndingabwere ndi mdzukulu wanga? Ndikufuna ndikamuonetse msangu, amangoudziwa m'buku. Mpando ndibweretsa wanga, mawondo salola mkeka.

Nachisale wa ku 25: Agogo bwerani, nkhuku ndiwonjezera ina. Amayi akuti mudzawauze bwino za lole ya mafayilo ija.

Nangozo namwino: Ine ndili pa ntchito usiku wa pa 14, koma ndikadzuka ndidzakupezani. Ndili ndi mbande zisanu ndi imodzi za mbawa m'machubu zinatsala kutchalitchi. A Nachisale, ziwiri ndi zanu, koma musadzale pano, muzithirira pakhonde mpaka mvula igwe. Ndipo ikani kutali ndi khoma, mizu yake si yamasewera.

Nachisale wa ku 25: Nyumbayi ndi yalendi anamwino. Ndiyambe ndawafunsa eni ake.

Mjomba Saidi wa ku Biwi: Akakana mundipatse ine, ku Biwi malo alipo kuseri kwa shopu.

Yoha wa Kabaza: Onani amene amati chitukuko sichibwera osagwetsa kanthu 😂 Amayi a ku 25, mapoto ndidzanyamula ndine, mtengo wake ndi ntchafu imodzi ya nkhuku. Mundiuze nthawi.

Nachisale wa ku 25: 7 koloko pa siteji. Ukachedwa upeza chipalapasiro.